Akashembe a Pansi pa Mchenja

Zebron Chulu sankadziwa kunama. Ukamufunsa ngati ndiwo zakoma pamene sizinakome, ankangoyang'ana m'mbale mpaka wophikayo kumva yekha. Bodza lalikulu limene anasenza pa moyo wake ndinamusenzetsa ndine, Adamson Sakala, ndipo bodzalo linadya ng'ombe ziwiri za apongozi ake. Papita zaka, koma ndikulemba izi manyazi akadali nane.

Anabadwira ku Chinzombo, m'mphepete mwa Luangwa, kumene atate ake ankachapa ndi kusita zovala za alendo pa loji ina. Sukulu analekezera giredi naini. Mutu unalipo, makamaka pa masamu, koma atate ake atadwala panalibenso womukankha. Anayesako ntchito ya pa loji, yoperekera alendo tiyi, koma sanakhalitse. Mlendo akamufunsa ngati aona nyalugwe tsiku limenelo, anzake ankalonjeza ndi mano onse panja, pamene iye ankayankha kuti sakudziwa chifukwa nyalugwe sanamuuze. M'chaka cha 1986 analowa ntchito pa polojekiti yowerenga akashembe, pa kampu yathu kufupi ndi Jumbe, ndipo anamupereka kwa ine kuti ndiziyenda naye.

Kashembe ndi ntchentche yoluma ija imene imapatsa ng'ombe matenda oondetsa, anthu n'kuwapatsa kaodzera. Ife owawerenga ankatitcha mafulaiboyi, ngakhale ena tinali ndi ana anayi ndi dazi. M'tchire munali njira zisanu ndi imodzi zolambulidwa, ndipo m'njira iliyonse munali mitengo yolembedwa manambala ndi penti yoyera. Tinkayenda awiriawiri. Wina ankanyamula nsalu yakuda yopachika pa ndodo, poti kashembe amatsata chinthu chakuda choyenda, ndipo wina ankanyamula kaukonde. Pa mtengo uliwonse wa nambala tinkaima, kugwira amene atera pa nsalu, kuona amuna angati ndi akazi angati, n'kulemba pa fomu. Madzulo tonse awiri tinkasaina fomuyo n'kukaisiya ku ofesi.

Njira ya sikisi inkayambira kuseri kwa dambo la Kavumbe, kumene alimi otsika kuchokera kumtunda ankaswa mphanje, n'kulowa m'nkhalango yowirira yolunjika ku Lupande. Tsiku lina m'chaka cha 1990, pa mtengo wa nambala fifitini, tinadzidzimutsa njati yovulala. Zebron anathawira kumanzere. Ine ndinakwera mtengo waminga umene munthu wanzeru zake sangakwere, ndipo ndinakhala m'mwambamo maola awiri, buluku litang'ambika, njati ikufwenkha pansi. Nditatsika ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondanso kumeneko.

Ku ofesi sindinanene. Ndinkaopa kusekedwa, ndiponso kunali anthu ambiri ofuna malo anga. M'malo mwake ndinapeza nzeru. Lachinayi lililonse tinkayenda mpaka pa mtengo wa nambala folo, mchenja waukulu wa mthunzi wabwino, n'kukhala pansi. Ndinakumba maenje a nsolo pomwepo. Zebron anakana poyamba, ndipo kawiri konse anayesa kupitiriza yekha, koma munthu mmodzi sangagwire nsalu, ukonde ndi pensulo nthawi imodzi, komanso fomu inkafuna masaini awiri. Ulendo wachitatu anakhala pansi, ndipo ndinamupatsa miyala yake.

Nzeru yanga inali yakuti tizilemba manambala aang'ono. Njira ikaonetsa akashembe ambiri, akuluakulu ankabwera ndi galimoto ndi misampha kudzaona okha, ndipo akadatigwira. Koma njira ya awiri, mmodzi, atatu, awiri, palibe ankaifuna. Ine ndinkatchula, Zebron ankalemba, chifukwa dzanja lake linali laukhondo ngati la mphunzitsi. Tinachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ine tulo ndinkagona bwinobwino.

M'zaka zomwezo anakwatira Felister, mwana wa a Onesmus Shawa. A Shawa anali mkulu wa mpingo, mlimi wa thonje ndi chimanga amene anatsika kuchokera kufupi ndi Chipata kudzafuna nthaka yosatopa, napatsidwa malo ku Kavumbe komweko. Ankalima ndi khasu la manja, ndipo zinkawawawa mumtima, chifukwa kumtunda anasiya ng'ombe ziwiri zapagoli kwa mng'ono wawo poopa akashembe. Maina ake anali Kapiteni ndi Buleki. Ankazitchula kawirikawiri kuposa ana awo amene anali ku Lusaka. Mkamwini wawoyo sankamuda, koma sankamuwerengeranso. Anthu akafunsa ntchito yake, ankayankha mwachidule kuti amagwira ntchentche.

Kompyuta inafika pa kampu m'chaka cha 1994, pamodzi ndi Madamu Rosemary Njobvu, mayi wamfupi wochokera ku Katete amene anaphunzira za tizilombo mpaka kunja. Anaiika m'chipinda chakechake, ankaifunditsa chitenje poopa fumbi, ndipo inkayaka masana okha jenereta ikalira, kuyambira fotini awazi mpaka seventini. Madamu ankafuna munthu woti alowetse m'makinamo mafomu onse a zaka zisanu ndi zitatu. Anasankha Zebron chifukwa tsiku lina, ataima pakhomo kudikira kusiya fomu, anawauza kuti pa pepala limene linali pa tebulo lawo anaphonya pophatikiza. Ife tinaganiza kuti waputa mavu. Madamu anawerenganso, napeza kuti akunena zoona, ndipo anamukokera mpando.

Masiku oyamba ankabaya mabatani ndi chala chimodzi, thupi lonse lili kutali, ngati munthu wofuna kuona ngati nsimbi yatentha. Madamu anamuuza kuti asaope, kompyuta ndi chitsiru chomvera: imachita chimene waiuza, osati chimene umafuna kunena. Mawu amenewa anamukhala. Atatha miyezi itatu akulowetsa manambala, Madamu anayamba kumuphunzitsa kulemba pulogalamu, ndiko kuti mndandanda wa malangizo amene makina amatsata mzere ndi mzere. Zebron anagula kope la ana asukulu. M'mawa tikakhala pansi pa mchenja, iye ankalemba mizere yake ya IF ndi THEN ndi pensulo, kufufuta, kulembanso, ine ndikumudikira kuti asunthe miyala. Masana ankathamangira ku kampu kukayesa ngati zimene walemba ziyenda. Pulogalamu yake yoyamba inkaphatikiza akashembe amuna ndi akazi a njira iliyonse mwezi ndi mwezi, ntchito imene kalaliki wathu ankaigwira sabata yathunthu. Tsiku limene inayenda, Zebron anapita kunyumba ataiwala njinga yake pa ofesi.

Chimene Madamu ankafuna kwenikweni ankachitcha modelo. Zebron anandifotokozera kuti umalenga akashembe ongopeka m'kompyuta, n'kuwapatsa malamulo a moyo wa akashembe enieni, kenako umawasiya kuti aswane ndi kufa m'masamu, uone ngati kuchuluka kwawo kufanana ndi kwa am'tchire. Zikafanana, ndiye kuti wawamvetsa, ndipo ungathe kunena za chaka chamawa. Ndinaseka n'kumuuza kuti akashembe ongopeka ife tinayamba kale kuwalenga popanda jenereta. Iye sanaseke nawo.

Malamulowo ankawadziwa ndi khungu lake lomwe. Kashembe wamkazi saikira mazira, amabereka mphutsi imodzi pa masiku naini kapena teni. Mphutsiyo imalowa m'dothi pamthunzi, ndipo imatuluka ndi mapiko patatha pafupifupi mwezi. Kukatentha mu Okutobala ambiri amafa. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti zinthu zimene zinkamuluma pakhosi tsiku ndi tsiku zingathe kulembedwa m'mizere makumi anayi. Ulendo woyamba kuiyendetsa, akashembe ake anafika mamiliyoni pofika chaka chachitatu, manambala n'kusefukira m'mbali mwa pepala, purinta ikulira osaleka. Anali ataiwala kulemba mzere wa imfa. Madamu anaseka mpaka misozi, ndipo pa kampu anthu anamutcha Mulungu wa ntchentche kwa mwezi wathunthu.

Ataikamo imfa, zinthu zinayamba kuoneka. Pa galasi la kompyuta pankabwera mzere wa modelo, wokwera ndi kutsika ndi nyengo, ndipo pamwamba pake pankagwa timadontho ta manambala athu a m'mafomu. Pa njira zisanu timadonthoto tinkatsata mzere, kwina pamwamba pang'ono, kwina pansi. Pa njira ya sikisi mzere unali kumwamba, timadontho tikukwawa pansi, osakwera dzinja, osatsika chilimwe. Madamu anaganiza masiku angapo, kenako anapeza chifukwa chomveka: alimi a ku Kavumbe adula mitengo, nyama zathawira kutali, ndiye akashembe akusowa mthunzi ndi magazi. Anauza Zebron kuti akweze nambala ya imfa pa njira imeneyo mpaka mzere utsikire pa timadontho. Anachita zimenezo ndi chala chake, ndipo anaikweza katatu mzerewo usanagone pa bodza lathu.

Tsiku limenelo anandipeza ndikumata chubu cha njinga kuseri kwa sitolo.

"Adamson, lero ndapha akashembe amene sanafe," anatero. "Madamu akuti apanga mapu. Manje tichita bwanji?"

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Ndinati mapu ndi pepala chabe, lipita ku Lusaka kukadyedwa ndi chiswe ngati mapepala ena onse. Nditaona kuti sizikumulowa, ndinabaya pamene ndinkadziwa kuti pamuwawa. Ndinati akaulula, ine andithamangitsa, inde, koma iyenso sadzakhudzanso kompyuta ija moyo wake wonse, abwerera ku kaukonde kapena ku tiyi wa alendo. Anayang'ana beseni la madzi limene ndinkayeseramo chubu, kenako anachoka. Ndinadziwa kuti ndapambana, ndipo kunena zoona ndinakondwa.

Mapuwo sanadyedwe ndi chiswe. Mu Ogasiti 1996 anawapachika pa msonkhano wa alimi ku Jumbe. Malo a akashembe ambiri anali ofiira, ndipo Kavumbe anali wobiriwira. Madamu anachenjeza kuti kubiriwira sikutanthauza kuti kulibiretu, ndipo anati chaka chotsatira adzatchera misampha kuti atsimikize. Koma munthu amene walima ndi manja zaka zisanu ndi zitatu akaona munda wake uli pobiriwira, mawu otsatirawo samawamva. Kenako Madamu anaimiritsa Zebron pamaso pa anthu, nanena kuti masamu a mapuwo anayendetsa ndi iyeyo, mwana wa m'chigwa momwemo. Anthu anawomba m'manja. A Shawa anaimirira, kuvula chipewa, n'kuuza amene anali pafupi nawo kuti ameneyo ndi mkamwini wawo. Aka kanali koyamba kuwamva akunena zimenezo mokweza. Zebron anazyolika, ndipo anthu anati ndi ulemu.

Sabata yomweyo a Shawa analembera mng'ono wawo kuti akonzekeretse Kapiteni ndi Buleki.

Zebron anayesa, koma anayesa mwa theka. Mkamwini satsutsana ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho anayamba watuma Felister kuti akawauze kuti asafulumire. Anamubweza ndi mawu akuti nkhani za ng'ombe si za ana aakazi. Kenako anapita yekha, nakhala chapatali monga mwa mwambo, chipewa chili pa bondo.

"Atate, bwanji ziyembekezeko chaka chimodzi, mpaka misampha itcheredwe?"

"Mapu aja anapanga ndani?"

"Ndine, atate, ndi Madamu."

"Ndiye ine ndikayikire ntchito ya mwana wanga? Anthu ena akayike, osati ine."

Anandiuza pambuyo pake kuti mawu oona anafika mpaka pa lilime. Koma munthu amene zaka zonse ankamutcha wogwira ntchentche anali atangomutcha mwana wake, ndipo analephera kuwalavula.

Ng'ombe zinafika mu Okutobala zitayenda masiku atatu. Zinali zonenepa, zonyezimira, Kapiteni wofiira, Buleki wakuda wa chipumi choyera. Mvula yoyamba itagwa, a Shawa anatipula m'masiku anayi munda umene unkawatengera mwezi ndi theka. Anthu ankaima m'mphepete kuonerera. Mabanja ena awiri anayamba kukamba zokatenga zawo kumtunda.

Lamulungu lina, atatuluka m'tchalitchi, Zebron anavala malaya akuda n'kulowa njira ya sikisi yekha, kaukonde kali m'manja, msana wake ukugwira ntchito ya nsalu. Sanafike n'komwe pa mtengo wa nambala teni. Anabwera kwanga khosi litatupa, natulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa kodzaza akashembe. Anati alimo fote-seveni. Pa fomu ya Lachinayi lapitalo tinali titalemba asanu njira yonse. Ndinamuuza kuti akataye m'chimbudzi, ndiponso kuti mwina ng'ombezo zipirira, zilipo ng'ombe zina zolimba magazi. Sanataye, koma sanakaonetsenso Madamu. Anayenda nako m'thumba la buluku masabata ambiri, akulowa nako m'chipinda cha kompyuta masana aliwonse, kutuluka nako madzulo. Akashembewo anauma, ndipo akamayenda kabotoloko kankalira ngati muli mpunga.

Mu Januwale Buleki anayamba kugona pakati pa mzere. Ubweya unaimirira, maso ankatuluka misozi, nthiti zinayamba kuwerengeka ngakhale msipu unali wofika m'mawondo. Wa zoweta anabwera kudzabaya jekeseni, ng'ombe inadzuka sabata ziwiri, kenako inagwanso, poti akashembe ankailuma tsiku lililonse ikapita kukamwa ku dambo. Inafa kuchiyambi kwa Febuluwale. A Shawa anayesa kubweza Kapiteni kumtunda, koma mitsinje inali yodzaza ndipo nayenso anali atayamba kufooka. Anafera m'khola patapita masabata atatu.

Ku Jumbe konse kunamveka kuti kompyuta yanama. A Shawa ndiwo ankanena zimenezi kwambiri, ndipo ankanena pofuna kuteteza mkamwini wawo. Ankauza aliyense kuti mwanayo alibe mlandu, anangopatsidwa makina achilendo osadziwa tchire lathu. Felister ankabwera nawo mawu amenewa kunyumba poganiza kuti amutonthoza mwamuna wake. Zebron anasiya kudya bwino. Ine ndinayamba kumuzemba, ndipo pa Lachinayi tinkakhala pansi pa mchenja osakhudza nsolo, aliyense akuyang'ana kwake.

Madamu anatenga misampha itatu n'kukaitchera ku Kavumbe. Tsiku limodzi lokha inadzaza. Anabwerako nkhope itagwa, ndipo sanaloze munthu chala, anadziloza okha. Masiku atatu anakhala pa tebulo akubwereza masamu awo pa mapepala, chakudya chamasana chikuzizira pambali. Tsiku lachinayi anauza Zebron kuti alembera akuluakulu kuti modelo yawo ndi yolakwika, kuti ataya ng'ombe za munthu wosauka chifukwa cha kudzikhulupirira, ndipo mwina ntchitoyi aisiyire ena. Anamupempha kuti asanatumize kalatayo, ayang'anenso pulogalamu mzere ndi mzere, mwina cholakwa chili mmenemo.

Pamenepo m'pamene Zebron analephera kupirira. Anali atapirira imfa ya ng'ombe ziwiri, koma kuona munthu amene anamukokera mpando akudzitcha mbuli chifukwa cha manambala a pansi pa mchenja kunamukanika. Anawauza kuti pulogalamu ilibe cholakwa, masamu awonso alibe cholakwa. Anakhala pa makina, nawonjezera mzere umodzi wouza kompyuta kuti ikapeza fomu ya njira ya sikisi yolembedwa kuyambira 1990 iidumphe. Anabweza nambala ya imfa pamene inali poyamba, n'kuyendetsa. Mzere unakwera kumwamba, pafupi ndithu ndi zimene misampha inagwira. Modelo inali itanena zoona kuyambira kale, ndife tinaikhotetsa. Kenako anatulutsa kabotolo kaja, kukaika pa tebulo, n'kufotokoza zonse.

Ananditumizira uthenga kuti ndikufunidwa. Nditalowa ndinaona kabotoloko pa tebulo. Madamu sanakalipe, ndipo ndikadakonda akadakalipa. Anandifunsa kuti zaka zingati, ndinati sikisi. Anafunsa chifukwa chake, ndinatchula njati. Anati ndikadanena tsiku lomwelo akadatipatsa sikauti wa mfuti wotiteteza ku nyama, nkhani n'kuthera pomwepo. Anauza Zebron kuti atulutse mafomu onse abodza m'kabati. Anali opitirira mazana atatu, onse m'dzanja lake lokongola lija, saini yanga ili pansi pa yake.

"Kwa ine mwanena," anatero Madamu. "Kwatsala mwini ng'ombe. Kumeneko sindikuperekezani."

Ntchito sanatichotse. Tinalandira makalata ochenjeza, njira ya sikisi tinayamba kuiyenda ndi sikauti, ndipo mapu atsopano anatuluka Kavumbe ali wofiira, mabanja awiri aja asanatsitse ng'ombe zawo. Kompyuta sanamulande Zebron, chinthu chimene ine ndinamuopseza nacho. Madamu anati munthu wodziwa mmene nambala yabodza imaonekera ndi amene akumufuna, ndipo anamuphunzitsa kulemba pulogalamu yofufuza mafomu okayikitsa. Koma zonsezo zinabwera pambuyo. Loweruka la sabata yomweyo tinali ndi ulendo wa ku Kavumbe.

Ndinalonjeza kuti tikalowa tonse ndipo ine ndiyamba kulankhula, poti nzeru inali yanga. Tinapalasa njinga masana, matope akugwira matayala. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu. Titafika pa mphambano yolowera kwa a Shawa, pamene pali mtengo wa mango, ndinaona khola lopanda kanthu, goli litatsamira pa nkhokwe, ndipo mawu onse anandithawa. Ndinauza Zebron kuti atsogole, ine ndiyang'anire njinga kaye. Ku Kavumbe kunalibe wakuba njinga, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Anandiyang'ana kamodzi, nandipatsa njinga yake.

Pamene ndinaima panali pafupi, ndinkaona ndi kumva zonse. A Shawa anali pansi pa kachisakasa akupaka mafuta pulawo kuti isachite dzimbiri. Zebron ananjuta chapatali n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Taswera, kaya inu atate ake a Delia?"

Ankamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba. Anamuuza kuti asendere pamthunzi, ndipo asanamve chimene wabwerera anayamba kumulimbitsa mtima, kuti asadziimbe mlandu, makina ndi makina, ngakhale wailesi imanama za mvula. Zebron anawadikira kuti amalize.

"Atate, kompyuta sinaname. Inawerenga zimene ndinaipatsa. Manambala a kuno ndinkalemba nditakhala pansi pa mchenja uja wa kuseri kwa dambo, zaka sikisi, osalowa m'tchire. Tsiku limene munandifunsa za mapu ndinkadziwa. Ng'ombe zanu ndapha ndine."

A Shawa anasiya kupaka. Anapukuta manja pa chiguduli, chala chimodzichimodzi, nthawi yaitali. Akazi awo, amene ankasenda nthanga pakhonde, analowa m'nyumba. Nkhuku zinkangoyenda pabwalo.

"Mchenja uja ndimaudziwa," anatero a Shawa potsiriza. "Ndinkadutsapo pokadula mitengo ya khola. Pali maenje a nsolo. Ndinkadabwa kuti ndani amasewera nsolo m'tchire." Anayang'ana mkamwini wawoyo. "Munkasewera ndi yani?"

Zebron kunama sakadatha, ndipo kunditchula sanafune. Anangoyang'ana pansi monga ankachitira ndi ndiwo zosakoma, mpaka wofunsayo anamva yekha. A Shawa anakweza maso, nayang'ana ku mtengo wa mango kumene ndinaima ndi njinga ziwiri, dzanja lililonse yake. Sanandiitane. Anadzuka, kulowa m'kanyumba kosungiramo zipangizo, n'kutuluka ndi makasu awiri. Limodzi analiika patsogolo pa Zebron, namuuza kuti thonje la kumunsi lalowa udzu, ndipo chaka chamawa munda wonse udzafuna manja. Linalo analitsamiritsa pa nkhokwe, pambali pa goli, mpini utaloza kumsewu.

Zebron anatola lake, napinda buluku, n'kutsikira kumunda. Analima munda umenewo Loweruka lililonse la dzinja mpaka a Shawa anamwalira, ndipo m'kupita kwa nthawi anayambanso kumutcha mwana wawo.

Ine ndinaima pamenepo mpaka ndinamva khasu lake likugunda nthaka. Kuchokera pa mango kufika pa nkhokwe panali mapazi osakwana makumi atatu. Ndinatsamiritsa njinga ya Zebron pa mtengo, n'kukwera yanga. Felister anandiuza patapita chaka kuti khasu la pa nkhokwe lija atate ake analetsa aliyense kulichotsa, ndipo linakhala pomwepo mpaka chiswe chinadya mpini.